Nyenyezi za pa Mwala wa a Nankhoma

Ana inu, tazimitsani kaye wailesi yakanemayo. Iwe Tadala, chotsa tinthu tako ta m'makututo. Pemphero, khala apa pafupi, usiye kugwedeza mwendo. Ndikudziwa kuti mundiyankha m'Chingerezi, palibe kanthu, Chingerezicho ine ndinayamba kuphunzitsa bambo anu asanamere mano. Koma lero sindikufuna mayankho. Ndikufuna mboni.

Dzana ndinamva bambo anu akuyankhula pa foni ndi Fanuwelo, muphwa wanga wa ku Dowa uja. Ankayesa ndagona, poti ndinali nditatsinzina pampando. Ndinamva akuti, "Osadandaula asuweni, ikadzakwana nthawi tidzawatumiza, zonse tidzaoganaiza konkuno." Katundu wotumizidwayo ndine. Agwirizana kuti ndikadzafa adzandikweza ndege kukandiika kwathu, pafupi ndi mayi anga. Ine sindikufuna. Ndikufuna kukagona ku South Bend, tauni ija tinkakhala tisanasamukire kuno, pambali pa agogo anu aakazi, a Nankhoma. Pamwala wa pamanda awo pali mbali ina yosalala, yopanda cholembedwa, ndipo mbali imeneyo ndi yanga.

Fanuwelo sakulakwa ayi. Kwathu mwamuna amakakhala kumudzi kwa mkazi wake, n'kumatchedwa mkamwini. Amalima kumeneko, amamanga kumeneko, amabereka kumeneko, koma akafa abale ake amabwera kudzatenga thupi. Ndi mwambo, ndipo ineyo ndinanyamulapo maliro a anthu ena motero. N'chifukwa chake ndikufuna mumve bwino chimene chinandisintha maganizo.

Ine ndinali mkamwini wachitatu pakhomo pa apongozi anga ku Nathenje. Akulu awo awiri a agogo anu anali atakwatiwa kale, amuna awo zimphona za anthu, mikono ngati mipini ya nkhwangwa. Ine ndinali kamphunzitsi koonda, konunkha choko. Apongozi anga za choko analibe nazo ntchito. Mvula ikayandikira, tonse atatu makasu paphewa, ulendo wa kumunda kwawo, ine ndisanapite kusukulu. Awiri aja patsogolo, ine m'mbuyo, kupunthwa pa zitsa zonse za m'njira.

Masiku amenewo kalendala ya pakhoma inalipo, ya kusitolo, koma ya kumunda inali kumwamba. Kukangoda n'kuona Nsangwe kum'mawa, kagulu ka tinyenyezi tothinana ngati mapira m'dzanja, ndiye kuti konzani mbewu. Pambuyo pa Nsangwe pankatuluka nyenyezi zitatu zondondozana, zimene timati Akamwiniatsatana. Ziwiri n'zowala bwino, ina ya kumapeto ndi yofooka ndipo yapatuka pang'ono pamzere. Tsiku lina tikudya panja, agogo anu anaziloza pamaso pa anthu onse.

"Mwawaona? Awo ndi alamu aakulu, awo ndi alamu aang'ono. Uyo wosawalayo, wophonya mzereyo, ndi aphunzitsi."

Anthu anaseka mpaka agalu anayamba kuuwa. Ndinatupa sabata yathunthu. Musaseke, ana inu, ndinali wachinyamata ndipo ndinkadzimva. Koma chaka ndi chaka zikatuluka ankandigunda ndi chigongono: "Aphunzitsi, mwatulukatu." Nyengo ya mondokwa zikakwera pamutu, pamwamba pa zitatuzo pankaoneka tina titatu tating'ono, ndipo iwo ankati amenewo ndi makasu athu paphewa. Dzina loti aphunzitsi anandiitana nalo mpaka imvi.

Kuno tinabwera iwe Pemphero utangobadwa, kudzathandiza kulera, poti bambo ndi mayi anu onse ankagwira ntchito kuchipatala, wina akulowa wina akutuluka. Tinkati tikhala miyezi ingapo. Miyezi inasanduka zaka. Agogo anu anazolowera msanga kuposa ine. Anadzala mpiru m'zigubu kuseri kwa nyumba, anaphunzira kukwera basi, ndipo ankacheza ndi mayi wachizungu woyandikana nafe popanda chinenero chimodzi chogwirizana. Ine ndinkangowatsata.

Kenako mtima wawo unayamba kuvuta. Ali m'chipatala anandigwira dzanja.

"Aphunzitsi, ndege ndinakwera ndili maso, ndinalira njira yonse. Musandikwezenso ndili chigonere, pansi pamodzi ndi masutikesi. Mundiike konkuno, ana azidzandiona."

Abale awo kumudzi anawiringula, koma mawu a mwini wake anali atamveka. Tinawaika m'nyengo ya chisanu. Nthaka inali itauma gwa, moti manda anakumba ndi kathalakitala. Amalawi a ku South Bend anabwera, anaimba bwino ndithu, sindingawanamizire. Koma kwathu anthu amagona pasiwa, amakhala nawe masiku, nyumba siizizira msanga. Kuno pofika madzulo aliyense anali akuyang'ana wotchi. "Pepani agogo, ndili ndi shifiti." Sindiwaimba mlandu, ntchito za kuno sizidziwa maliro. Mmawa mwake ndinadzuka m'nyumba muli zii, ikungolira hita.

Ndinasungulumwa, ana inu. Ndikunena mosabisa. Tadala kusukulu, Pemphero kumkaka, makolo anu kuntchito. Ndinkaphika tiyi m'makapu awiri, n'kuzindikira nditathira kale shuga. Ndinkawerenga magalimoto odutsa. Nthawi ya chisanu kuno kumada msanga, anthu asanaweruke n'komwe, ndiye tsiku lina ndinatuluka kuseri kwa nyumba ndi chijasi cha bambo anu kuti ndione ngati aphunzitsi atuluka. Ndinawapeza, atatu aja, pamwamba pa denga la galaja. Koma makasu sanali paphewa. Anali pansi, olendewera, ngati anthu awataya. Wophonya mzere uja anali mbali ina. Ndinalowa m'nyumba mtima ukuwawa. Ndinati ndawaika akazi anga kudziko kumene ngakhale thambo ndi lozondoka, ndipo akadzayang'ana kumwamba sadzandipeza. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuyang'ana kumwamba.

Chimene chinanditulutsa m'nyumba ndi basi. Ndinapeza kuti imafika palaibulale ya m'tauni, malo ofunda kumene munthu ukhoza kukhala tsiku lonse popanda wokufunsa kuti ugula chiyani. Patebulo la pafupi ndi zenera pankakhala mkulu wina wa kapu yoyera yoluka, ndevu zaimvi, chibuku chachikulu patsogolo pake. Chimene chinandikoka si bukulo, koma cholembera chake. Linali bango, ana inu, bango lenileni losongoledwa ndi mpeni, akuliviika m'kabotolo ka inki kamene ankabisa m'thumba la jekete akaona mayi woyang'anira mabuku akubwera.

Inu simungamvetse. Inu mumalemba ndi zala zazikulu pagalasi. Ife tinayambira pansi pamchenga, kenako sileti, ndipo ukafika kalasi yogwira nibu umayenda mwamatama mudzi wonse. Inki tinkasungunula yaufa, n'kuthira m'timabowo ta padesiki. Ukadinikiza kwambiri nibu imatambasuka, inki n'kudontha, ndipo aphunzitsi amakudziwitsa ndi rula. Pamene ndinaona mkulu uja akupukuta nsonga ya bango pakansalu, ndinamva fungo la kalasi yanga yoyamba.

Dzina lawo anali a Hamidi, ochokera ku Iraq. Kwawo ankalemba zikwangwani za masitolo. Nawonso akazi awo anali atamwalira, nawonso ankakhala kwa mwana. Chingerezi chawo chinali chothyokathyoka, changa cha ku Dowa, koma tinkamvana. Chibuku chija chinali cha zithunzi zojambulidwa kuchokera m'buku lina lakale kwambiri, la zaka mazanamazana, lolembedwa pamanja ndi akatswiri achisilamu oona za nyenyezi. Lenilenilo akuti lili kutali, amalisunga kuseri kwa galasi. Iwo ankakopera zithunzizo chimodzichimodzi kuti dzanja lisaiwale.

Munali zodabwitsa. Gulu lililonse la nyenyezi analipatsa thupi: mkango, nkhanira, chimbalangondo, mkazi wovala zibangili, nsomba ziwiri zomangidwa ndi chingwe. Mizere yake yosalala, yokokedwa kamodzi popanda kubwereza. Pathupi lililonse panali timadontho tofiira, kadontho kalikonse ndi dzina lake m'zilembo zawo zija zoyambira kumanja. Ndinkawaseka kuti buku lawo amaliyambira kumapeto. Iwo ankati ndife timayambira kumapeto.

Tsiku lina anatsegula tsamba la chimunthu chovala mkanjo, chibonga m'dzanja, mkono wina wa mkanjowo wautali wolendewera. M'chiuno mwake munali madontho atatu ondondozana, ndipo m'munsi mwake tina titatu pa lupanga. Uphunzitsi unandikwera.

"Achimwene, apa wojambulayu analakwitsa. Titatu iti timakhala pamwamba."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Analakwitsa? Munthu ameneyu anakhala moyo wake wonse akuyeza nyenyezi."

"Ine ndakhala moyo wanga wonse ndikulima nazo. Ndi makasu awa, amakhala paphewa."

"Makasu?"

Ndinawafotokozera za akamwini atatu, za apongozi anga, za wophonya mzere. Anaseka mpaka mayi woyang'anira mabuku anatiyang'ana moopseza. Kenako anafunsa kuti kwathu kuli mbali iti ya dziko. Ndinawauza kuti ndi kummwera. Anangogwira chibuku chija ndi manja awiri n'kuchizunguliza, mutu wa chimunthu chija kuloza kwa ine, miyendo kuloza kuzenera.

Makasu anabwerera paphewa. Wophonya mzere anabwerera mbali yake. Linali thambo la ku Nathenje, patebulo, ku South Bend.

"Inu mumaziona mukuyang'ana kumpoto, ife timaziona tikuyang'ana kummwera," anatero. "Sizinasunthe. Mwasuntha ndinu."

Ndinachita manyazi, ine mphunzitsi amene ndinaphunzitsapo ana kuti dziko ndi lobulungira. Ndinkadziwa za m'buku, koma sindinaganizepo kuti kubulungirako kungandichitikire ineyo. Ndinapita kuchimbudzi kukapukuta m'maso.

Kuyambira pamenepo ndinkapita pafupifupi tsiku lililonse. Iwo akukopera, ine ndikuwalondera mayi uja. Ankabweretsa zipatso za kanjedza zouma m'kathumba, ine mtedza wokazinga, tinkadyera panja poti m'kati n'zoletsedwa. Nthawi yopemphera ikakwana ankapita pakona kuseri kwa mashelefu, ine n'kuwasungira malo. Pa zithunzi zina ndinaona madontho akuda, otayana m'mbali mwa thupi, ndipo ndinafunsa chifukwa chake. Anati zofiirazo ndi nyenyezi za m'thupi la chithunzi, zakudazo ndi zoyandikana nalo koma zosalowamo. Wojambula sanafune kuzitaya, ndiye anazipatsa mtundu wawo. Ndinawauza kuti ndiye ine ndi iwo ndife madontho akudawo, m'nyumba za ana athu. Sanatsutse. Musandimve molakwa, ana inu, makolo anu amandisamala, sindinagonepo ndi njala. Koma patebulo mukamaseka nkhani zanu za Chingerezi chothamanga chija, ine ndimangomwetulira mochedwa.

Chinthu china chinkandizunguza mutu. Chithunzi chilichonse chinali kawiri, china tsamba ili, china tsamba linalo, zofanana koma zotembenuka ngati munthu ndi chithunzithunzi chake pagalasi. Ndinkayesa n'kuwononga mapepala. A Hamidi anati akatswiri aja ankasula mpira wamkuwa wophunzitsira, n'kuzokotapo nyenyezi zonse. Munthu woyang'ana mpirawo amakhala ngati waima kunja kwa thambo, akuliona chakuseri, ndiye zakumanja zimakhala kumanzere. Choncho wojambula ankajambula kawiri kuti wophunzira asasokonezeke: china monga timaonera tili pansi pano, china monga amaonera amene ali kuseri.

"Nanga kuseri kwa thambo kuli ndani?" ndinafunsa mongocheza.

Anapukuta bango lawo. "Akazi anga. Akazi anu."

Chaka chitatha inakwana nthawi yoika mwala pamanda. Ndinawauza bambo anu kuti ndikufuna mwala waukulu wa anthu awiri, ndipo ndinapempha a Hamidi kuti andijambulire chimunthu chija. Anakana. Anati pamanda iwo sajambula munthu, koma nyenyezi zokha akhoza. Anatenga pepala limodzi, analipinda pakati, n'kudontheza madontho ofiira mbali zonse ziwiri, makasu ali paphewa monga kwathu. Mbali ya agogo anu anajambula za kuseri kwa thambo. Mbali yanga za pansi pano.

Ndinadandaula. "Inetu ndikadzafa ndidzakhalanso kuseri. Bwanji osajambula zofanana?"

"Zikafanana zizingotsatana," anatero. "Simunatope kuyenda m'mbuyo?"

Kenako anapinda pepalalo n'kuligunditsa pazenera, dzuwa likuwala kuseri kwake. Ndidzakuonetsani chimene ndinaona.

Bambo anu sizinawasangalatse. "Adadi, timadontho basi? Anthu akutchalitchi aziti chiyani? Bwanji tingoprinta vesi?" Ndinati vesi ikani m'munsi, madontho akhale pamwamba. Anavomera, ndikuganiza pofuna kuti ndisiye kulira, ndipo za mbali yachiwiriyo anayesa ndidzaiwala. Tsiku lovundukula mwala, mayi ena ananong'ona kuti agogo aika zachisilamu pamanda a Mkhristu. Abusa anawerama, anayang'anitsitsa, n'kunena kuti iwo akungoona nyenyezi, ndipo sakudziwa kuti zimapemphera mpingo uti. A Hamidi anabwera, anaima patali pansi pa mtengo, manja kumbuyo. Iwe Tadala unawapatsira botolo la madzi, kaya ukukumbuka.

Kenako bambo anu anapeza ntchito kuchipatala china chachikulu kuno ku Indianapolis, ndipo tinasamukira ku Lawrence kuno, m'mphepete mwa mzindawu. Palibe anandifunsa, koma ine ndikanatsala ndi ndani? Nyumba ino ndi yabwino, koma munthu wopanda galimoto kuno ali ngati nkhuku yomangidwa mwendo. Ulendo wanga ndi wa Loweruka, mayi anu akanditenga ku Lafayette Road kukagula chinangwa ndi nsomba zouma, ine ntchito yanga kukankha ngolo. M'masitolo a kumeneko ndikamva anthu akuyankhula Chiarabu ndimatembenuka, ngakhale ndikudziwa kuti si iwo. A Hamidi foni sankaikonda, ine chimodzimodzi. Tinkati tidzaonana, basi.

Thambo la kuno ndi lofiirira ndi magetsi, Nsangwe sindinazionepo chisamukire. Iwe Tadala unandionetsa foni yako ija yoti ukailozetsa kumwamba imakuuza maina a nyenyezi, ngakhale uli m'nyumba, ngakhale masana. Ndi nzeru ndithu. Koma ndinaona kuti iweyo umayang'ana foniyo, kumwambako ayi.

Kumanda tinapitako chilimwe chotsatira, ulendo wautali uja wodutsa m'minda ya chimanga yopanda munthu ndi mmodzi yemwe wogwira khasu. Bambo anu anati, "Adadi, tikangoika maluwa tibwerere, mawa ndili pa kolo, akhoza kundiitana kuchipatala nthawi iliyonse." Ndinaumirira kuti tidzere kulaibulale. Patebulo paja panali mnyamata wina ndi kompyuta. Mayi woyang'anira mabuku anandizindikira, anatuluka kuseri kwa kauntala n'kundigwira dzanja. Anati a Hamidi anamwalira masamba akuyoyoka. Asilamu maliro sachedwetsa, ndipo panalibe amene ankadziwa kondipeza. Anati za inki ankadziwa kuyambira kalekale, ankangoyang'ana kumbali. Sindinaponye dothi pamanda a mnzanga, ndipo mpaka lero sindidziwa pamene anagona.

Tsopano amene ankadziwa tanthauzo la madontho aja tinali awiri, ndatsala ndekha. Bambo anu ndayesapo kuwauza, koma nkhani ya imfa akangoimva amaimirira. "Adadi musamayankhule choncho, muli fiti, mphamvu mukadali nazo." Ndi mwana wabwino, akuopa kukhumudwitsa abale anga, akuopanso kundiona ndikupita. Koma mapiritsi anga akuchuluka m'kabati, ndipo masitepe awa ndayamba kupumira pakati.

Pemphero, tapita kuchipinda kwanga, pansi pa sutikesi pali envulopu yakhaki. Bwera nayo, usathamange.

Eya. Tambasula bwinobwino, inkiyo ndi ya munthu amene kulibe. Mbali iyi ndi imene ili kale pamwala, ya agogo anu. Iyi ndi yanga. Mwamuona wophonya mzere? Uyu apa, ndi uyu apa. Tsopano Tadala, pinda potsata mzere wakalewo, upite nalo pazenera, dzuwa lisanalowe. Gunditsa pagalasi. Werenga madontho.

Mwaona? Achepa ndi theka. Lililonse lagona pa linzake, palibe lotsala, ngakhale la aphunzitsi. A Hamidi anati m'buku muja zimatero nthawi zonse likatsekedwa, kungoti palibe amene amaona.

Ku Dowa kuli mayi anga, kuli abale anga, ndipo ndimawakonda. Koma kumeneko ali ambiri, sakusowa wocheza naye. Agogo anu ali okha pakati pa anthu osadziwa dzina lawo, pansi pa sinowo, ndipo ndinawasiya kale kamodzi pamene tinasamuka.

Imeneyo ndi galimoto ya bambo anu, ndamva chitseko cha galaja. Pemphero, usabise pepalalo, lisiye pomwepo. Tadala, pukuta m'maso, uime apa pambali panga. Ine ndiyamba, koma akaimirira kuti azipita, upitirize ndiwe. Unene m'Chingerezi chako chothamangacho, sindidandaula. Bola akhale pansi mpaka umalize.